Ine Khosi N'lalifupi

Nkhani iyi si yakale kwenikweni, chifukwa mawaya a magetsi anali atadutsa kale pamwamba pa dambo la Chisenjere. Kumeneko kunkakhala Khwangwala, amene ankafuna kuti mawu aliwonse otchuka azinenedwa kuti ndi ake. Kunkakhalanso Dokowe, mkulu wa khosi lalitali, amene ankalakalaka kuti tsiku lina ana adzaseke naye limodzi m'malo momamuseka iyeyo. Nkhanga, mayi wolera anapiye ake m'mbali mwa madimba, sankafuna kanthu kwa aliyense, mpaka m'mawa umene mwana wake anagwera m'chitsime.

Koma tiyambe ndi mawayawo. Mbalame zinkaona anthu akuyenda chowerama, akuseka okha ndi mafoni m'manja, ndiye zinati nazonso sizingatsalire. Zinayamba kundandalikana pa mawaya, kuchokera pholo ili mpaka ilo, n'kumapatsirana nkhani kamwa ndi kamwa. Malowo zinangowatcha kuti Pawaya, ndipo eni ake enieni anali atimba, tija tating'ono tosatha kukhala chete.

Pawaya panali mwambo wake. Chifukwa cha mphepo ya kudambo, mbalame inkapatsira inzake zokhazo zimene zingatuluke mu mpweya umodzi, zotsalazo zinkagwera pansi. Ndiye popeza panalibe wokakamiza mnzake, iliyonse inkasankha kachidutswa kamene kaikomera. Machenjezo a misampha ankathera pa pholo lachiwiri, koma zoti Chule watsamwa ndi ngumbi zinafika mpaka kumsika.

Khwangwala ankakhala pa pholo lalikulu la pakati, lija lokhala ndi chitsulo cholira ngati njuchi. Ankadzuka m'mamawa kupeka mawu oti atchuke nawo, kuwasema, kuwapala, kenaka n'kuwaponya pawaya. Mawu akewo sankapita patali, chifukwa ankamveka thukuta lokhalokha. Koma mawu a wina akangogwira moto, iye ankatukula chifuwa chake choyeracho n'kumati, "Amene aja ndinayambitsa ndine."

Dokowe ankakhala kuthamanda, kumunsi kwenikweni kwa dambo, kumene mawaya amakhotera kumsewu. Pawaya sakanakhalapo chifukwa cha kulemera, choncho ankangoima pansi, khutu lili m'mwamba. Akamva mawu atsopano ankakabisala m'bango n'kumawayeserera, akudziyang'ana m'madzi. Vuto lake linali lakuti pofika nthawi imene walimba mtima kuti awanene, anzake anali atawataya kale.

Tsiku lina Tambala wa kumudzi ankadutsa monyang'wa, ndipo Dokowe anaona kuti mpata ndi umenewu. Anakonza kukhosi n'kufuula kuti, "Nthenga zokhazokha!" Amenewa anali mawu amene anavuta m'nyengo ya dzinja, onyozera aliyense wodzionetsera.

Atimba pawaya anayang'anizana. Kenaka Timba wina anapendeketsa mutu n'kunena mwaulemu wachinyengo kuti, "Pepani agogo, mawu amenewo tinaika m'manda chimanga chisanache. Uthenga wa maliro sunakupezeni?"

Mawaya anagwedezeka ndi phwete. Dokowe anaseka nawo kuti asaoneke wokwiya, koma zinamupweteka kwambiri. Mkulu wathunthu, woti anaona mitsinje ya kutali imene atimba sadzaiona, anakhala tsiku lonse osadya chifukwa cha kambalame kochepa ngati chala. Analumbira mumtima kuti ulendo wina sadzachedwanso.

Chilimwe chitafika, anthu anayamba kuthirira madimba. M'dimba lina la mpiru munali kachitsime kopapatiza, ndipo mwini wake ankabwera m'mamawa ndi makeni, n'kutunga mpaka pansi kutsala matope. Akatero ankapita kwawo, chitsimecho n'kumadzibwezeretsa chokha. Madzi ankatumphuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo pofika madzulo chinkakhala chitadzaza.

M'mawa wa tsiku limenelo, mwini dimba atangochoka, Nkhanga analowa ndi ana ake kudzatola tizilombo pa nthaka yonyowa. Kamwana kake komaliza, kamene ankakatcha Kamzere chifukwa cha timizere ta pamutu, kanathamangira chiwala. Chiwala chinadumpha chitsime. Kamzere sanadumphe.

"Amayi, ndili pansi pano!"

Nkhanga anasuzumira m'chitsimemo. "Wavulala? Waima pa chiyani?"

"Pa kachidutswa ka njerwa. Madzi ali m'munsi, sanandikhudze."

"Usasunthe, mwana wanga. Ndikutulutsa pompano."

Anagona chafufumimba n'kutambasula khosi mpaka maso kuchita kutuluka, koma mlomo wake sunafike n'pakati pomwe. Kulumphiramo sikukanatheka, chifukwa akanamupsinja mwanayo, ndipo onse awiri akanatsakamira momwemo. Nkhanga zinzake zinabwera, iliyonse inayesa khosi lake, kenaka zonse zinayamba kulira mokweza monga mwa mtundu wawo. Akakowa anali atatsagana ndi ng'ombe kubusa la kutali, motero wa khosi ndi mlomo wofika pansi pa chitsimecho anali Dokowe yekha.

Kuthamanda kunali kutali, ndipo Nkhanga mapiko ake ndi othawira galu basi, osati apaulendo. Koma mawaya ankadutsa pamwamba pa dimba lomwelo. Anathamangira pansi pa pholo n'kuitana Timba amene anali pamenepo.

"Mwana wanga, ndithandize," anatero Nkhanga. "Tumiza mawu kwa a Dokowe kuthamanda. Uwauze kuti Kamzere wanga wagwera m'chitsime cha m'dimba la mpiru, pafupi ndi mkuyu, ndipo madzi akukwera. Abwere msanga adzamuvuule, chifukwa ine ndayesa ndalephera. Ine khosi n'lalifupi."

Timba ameneyu mtima anali nawo wabwino, koma mpweya ndiwo unali wochepa. Anatembenukira kwa mnzake n'kufuula kuti, "Mwana wa Nkhanga wagwera m'chitsime, amayi ake akuti khosi n'lalifupi!" Dzina la Dokowe linagwera pomwepo, pamodzi ndi mkuyu ndi mpiru. Wachiwiri anapatsira kuti, "Nkhanga akulira kuchitsime, ati khosi n'lalifupi!" ndipo apa mwana anatsala m'njira.

Wachitatu anali wanthabwala. Anaganizira mayi wonenepa, wamadonthomadontho, akudandaula za khosi lake pagulu, ndipo anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa. Atapezanso mpweya, anatsanzira mawu osasa a Nkhanga n'kukuwa kuti, "Ine khosi n'lalifupi!" Chitsime nacho chinathera pamenepo.

Mawuwo atafika pa pholo lalikulu, Khwangwala anawalawa ngati munthu wolawa ndiwo za eni. Anamva kuti ndi okoma, ndipo zinamuwawa kuti sanawapeke yekha. Msangamsanga analowetsa mutu m'mapewa, n'kutuzula maso, n'kuwanena molira. Atimba anagwa nako kuseka, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wonena mawuwo ankayenera kubisa khosi m'mapewa.

"Kodi tanthauzo lake n'chiyani?" anafunsa Mpheta wina.

"Ukafunsa tanthauzo ndiye kuti ndiwe wachikale," anayankha Khwangwala. "Ine mwini wake ndikuti ingonena."

Mpheta anachita manyazi n'kuwanena, ndipo anawapezera ntchito nthawi yomweyo. Mkazi wake atamutuma kukatenga udzu wokonzera chisa, iye anangobisa mutu n'kuti, "Ine khosi n'lalifupi." Ana a Njiwa anayankha zomwezo atauzidwa kuti asese pakhomo. Posakhalitsa wina anawonjezera yankho lake, lakuti mmodzi akati "Ine khosi n'lalifupi!" onse aziti "Likokeni!" Dzuwa lisanafike pamutu, ndi achule omwe, amene alibe khosi ndi pang'ono pomwe, ankawaimba m'matope.

Kuchitsime kuja madzi anali atanyambita zala za Kamzere. Nkhanga ankangoyenda uku ndi uku, maso ali kumwamba. Ataona kuti palibe chikubwera, anabwerera pa pholo paja kukafunsa.

"Kodi uthenga wanga wafika?"

"Wafika kalekale, mayi," anatero Timba wina amene anali atangotera kumene. "Ukuyenda bwino zedi. Dambo lonse likuunena."

Nkhanga anathokoza ndi mtima wonse, n'kukauza mwana wake kuti alimbe mtima, pakuti dambo lonse lamva. Koma asanamalize kulankhula, anamva mawu ake omwe akubwerera pa mawaya kuchokera kumunsi, atavala chiseko. "Ine khosi n'lalifupi!" "Likokeni!" Apo m'pamene anazindikira kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

"Kamzere, ndikupita ndekha kukawatenga a Dokowe," anatero. "Azakhali ako ali pompano. Madzi akakwera, uimirire pa zala, utukule mutu."

"Musachedwe, amayi. Madziwa akuzizira."

Nkhanga anauyamba ulendo, pena kuthamanga, pena kuuluka pang'ono n'kugwera m'tsekera. Kulikonse kumene ankafika ankapeza mawu ake atafika kale ndipo akhala pansi. Anapeza Mbuzi yomangidwa pachikhomo ikuyang'ana msipu umene chingwe sichinkafikako, ndipo itamuona inamwetulira.

"Mayi, mwamva zatsopano? Ine khosi n'lalifupi!"

"Mawu amenewo ananena ndine, achimwene. Mwana wanga wagwera m'chitsime."

"Eee, mwawonjezerapo zachitsime?" inatero Mbuzi ikugwedeza ndevu. "Ayi, zikutalika. Zimakoma zikakhala zazifupi."

Nkhanga sanataye nthawi, anapitirira. Atafika pa pholo lalikulu anapeza Khwangwala akuphunzitsa ana a Pumbwa kabisidwe ka khosi. Anaima pansi, akupuma mwawefuwefu, n'kumuitana.

"A Khwangwala, mawu mukuseweretsawo ndi anga. Ndi uthenga umene ndinatumiza m'mawa."

Khwangwala anaimitsa nthenga za pakhosi. Pa zonse zimene mayiyo ananena, iye chinamulasa ndi chakuti "ndi anga". "Taonani zimene ndimanena zija," anauza ana a Pumbwa. "Chinthu chikatchuka, aliyense amati n'chake. Munali kuti inu pamene ndimawakonza?"

"Atengeni, akhale anu mpaka kalekale," anatero Nkhanga, misozi ili m'maso. "Ine ndikufuna mwana wanga. Ali m'chitsime cha m'dimba la mpiru ndipo madzi akukwera. Inu muli ndi mapiko, taulukani mukandiitanire a Dokowe."

Khwangwala anamva zonse bwinobwino, tisamunamizire kuti sanamve. Koma dzina la Dokowe litangolowa m'khutu mwake, m'mutu mwake munayaka nyali ina. Anaganizira chikhosi chija, chachitali ngati mtengo wothyolera mapapaya, chikunena pagulu kuti n'chachifupi. Anaona kuti zimenezi zikachitika iye ali pambali, palibe adzakanenso kuti mwini Pawaya ndi Khwangwala.

"Mwandikumbutsa, mayi!" anafuula, n'kuuluka kulunjika kuthamanda, akumemeza aliyense m'njira kuti amutsatire.

Nkhanga anafuna kukhulupirira kuti wapita kukanena za mwanayo. Koma tsiku limenelo anali ataphunzira kale za amithenga, choncho anapitiriza kuthamanga.

Kuthamanda Khwangwala anapeza Dokowe ali m'bango, akuyeserera mawu omwewo motsitsa. Mkuluyo anadzidzimuka n'kunamizira kuti amatsokomola.

"Madala, lero ndi tsiku lanu," anatero Khwangwala. "Tulukani mukawanene pagulu."

"Kodi sanathe ntchito? Ine sindifuna za tsiku lija."

"Ndi am'mawa uno omwe, akadali otentha. Ndipo palibe angawanene kuposa inu. Tangoonani mawayawo."

Dokowe anasuzumira. Mawaya anali atalemedwa ndi mbalame mpaka kupindika, achule atayandama m'mphepete mwa thamanda, ndi agulugufe omwe ataima. Anatuluka m'bango n'kukaima pachulu. Asanatsegule mlomo, Nkhanga anatulukira m'tsekera, thupi lonse lili fumbi, nthenga zili nyankhalala.

"A Dokowe, achimwene anga, ndagwira mwendo wanu," anatero atagwada. "Mwana wanga Kamzere wagwera m'chitsime cha m'dimba la mpiru, pafupi ndi mkuyu. Waima pa kanjerwa ndipo madzi akukwera. Palibe wina angamufike koma inu. Ine ndayesa, khosi langa silikufika."

Ambiri pa mawaya ankayesa kuti ndi sewero limene Khwangwala wakonza, ndipo anayamba kugwedezana ndi mapiko. Koma Dokowe sanapusitsike. Anaona matope a m'dimba pachifuwa cha mayiyo, ndipo chitsimecho ankachidziwa, pakuti ankagwirako achule. Anadziwa kuti ndi zoona, ndipo mapiko ake anayamba kutambasuka okha.

"Nthawi yake ndi inoyi, madala," ananong'ona Khwangwala. "Mayiyu wakuyalirani mphasa. Mukaphonya apa, basi."

Dokowe anayang'ana pa mawaya. Maso onse anali pa iye, ndipo kwa nthawi yoyamba sanali maso onyoza. Anadziuza kuti mawu atatu sachedwetsa munthu, anena kamodzi kokha kenaka auluke. Ndiye anatambasula khosi lake lonse, m'mwamba mwenimweni, n'kuyang'ana Nkhanga pansi, n'kunena ndi mawu aulemu a mkulu wa mpingo kuti, "Pepani mayi. Ine khosi n'lalifupi."

"Likokeni!" linayankha dambo lonse.

Chiseko chake sichinaonekepo chiyambire. Atimba ena anagwa pa mawaya n'kukadzigwira ali pafupi ndi pansi, achule anamira n'kuvuuka akutsamwa. Timba yemwe uja wa za maliro anatera paphewa pa Dokowe n'kuti, "Agogo, mwatipha! Inu ndiye katswiri!" Dokowe anamva kukoma kumene sanakumvepo moyo wake wonse, mpaka misozi inalengeza.

Pakati pa phokosolo anaweramira kwa Nkhanga n'kulankhula motsitsa. "Ndamva, mlongo wanga, musadandaule. Tsogolani, ndikubwera. Ine ndi mapiko awa ndikupitirirani m'njira."

Ankanena zoona, ndipo Nkhanga anaona m'maso mwake kuti akunena zoona. Anathokoza, n'kutembenuka, n'kuyamba kuthamanga njira yonse ija kubwerera kwa mwana wake.

Dokowe anati auluke, koma gulu la ampheta linali litangofika kumene kuchokera kumtunda. "Ife sitinaone, agogo! Kamodzi kokha!" Ananena kamodzi kokhako, ndipo chiseko chinaposa choyamba. Kenaka anafika anjiwa, nawonso sanaone. Khwangwala ankazungulira pamwamba akulengeza kuti mkuluyu anamutulukira ndi iyeyo.

Wina anapempha kuti anene ataima ndi mwendo umodzi. Wina anati anene khosi atalipinda ngati ngowe ya ambulera. Nthawi iliyonse Dokowe ankaponya diso kumtunda kwa dambo n'kudziuza kuti Nkhanga sanafike n'komwe, ndipo madzi a m'chitsime sathamanga. Za mwanayo sanaiwale mpang'ono pomwe, ankangozikankhira kutsogolo, monga achitira zengerezu amene analinda kwawukwawu.

Nkhanga atafika kudimba anapeza madzi ali pachifuwa pa Kamzere. Kamwanako kanali kataima pa zala, mlomo uli m'mwamba, kakunjenjemera.

"Amayi, mwabwera nawo?"

"Akubwera, mwana wanga. Anena okha ndi pakamwa pawo."

"Ali pati?"

"Ali m'njira. Mapiko awo ndi aakulu, sachedwa."

Anagona pamphepete pa chitsime n'kumamuuza za dzombe limene adzadye akatuluka, ndi za malo ofunda pansi pa phiko lake. Chithunzithunzi chilichonse chikadutsa pa mpiru ankadzutsa mutu, koma pena unali mtambo, pena kabawi. Pamwamba pake atimba ankapatsirana nkhani yosangalatsa yochokera kuthamanda, yoti agogo Dokowe lero avuta. Nkhanga anaimva, ndipo anayamba kulankhula mokweza kuti mwana wake asaimve.

"Amayi, khosi landitopa," anatero Kamzere patapita nthawi.

"Pirira pang'ono. Yang'ana ine, usayang'ane madzi."

Kuthamanda kuja dzuwa linali litapendeka, ndipo chiseko chinayamba kuchepa. Dokowe ananenanso mawu aja, koma anaseka ndi achule awiri okha, nawonso mwaulemu. Timba uja anayasamula n'kuchoka paphewa pake.

"Zakwana, agogo. Mawu amenewa akalamba tsopano, ndi amayi anga omwe ayamba kuwanena."

Mbalame zinabalalika kukasaka chakudya chamadzulo, Khwangwala ali patsogolo. Dokowe anatsala yekha pachulu, ndipo m'kachetechete ameneyo anaona kutalika kwa chithunzithunzi chake. Anazindikira kuti wachedwa. Anauluka monga sanaulukirepo, ndipo ulendo umene unatopetsa Nkhanga kawiri konse iye anaumaliza asanatuluke n'thukuta lomwe.

Kudimba anapeza nkhanga zonse zili chete, chinthu chimene nkhanga sizichita. Palibe anamulonjera. Chitsime chinali chitatsala pang'ono kudzaza, moti sanafunikire n'komwe kutambasula khosi lonse. Anaviika mlomo, n'kunyamula Kamzere, n'kumugoneka pa tsamba la mpiru. Kamwanako kanali kopepuka, kozizira, ndipo sikanasunthe.

Nkhanga anakonza timizere ta pamutu pa mwana wake ndi mlomo, kamodzikamodzi. Sanakuwe, sanatukwane. Atamaliza anayang'ana Dokowe n'kunena kuti, "Lafika khosi lanu, achimwene. Zikomo."

Dokowe akanakonda kujomphedwa m'maso kusiyana ndi zikomo ameneyo. Anakhala pansi m'matope ngati kamwana. Anafuna kupepesa, koma m'kamwa mwake munkangotuluka chinthu chimodzi.

"Ndimati ndibwera," anatero akulira. "Mlongo wanga, ndimati ndibwera. Ndimati ndibwera."

Pa waya wa pamwamba pa dimbalo panali Timba wina amene anali atangotera, wosadziwa chimene chachitika. Anangoona chimkulu chachitali chitakhala m'matope, chikugwedeza mutu ndi kubwereza mawu amodzimodzi ndi liwu lonjenjemera. Anawayesa motsitsa, anamva kuti akukhala bwino pakamwa. Anatembenukira kwa mnzake.

M'mawa mwake nkhanga zinakwirira Kamzere ndi masamba pansi pa mkuyu. Zili pamwambo umenewo, mawaya anali atadzuka kale. "Ndimati ndibwera!" ankatero wina, akugwedeza mutu ndi kunjenjemeretsa liwu, ndipo anzake ankayankha kuti, "Mwafika liti?" Mpheta anawanena kwa mkazi wake atabwera mochedwa kuchisa, ndipo pa pholo lalikulu Khwangwala ankauza aliyense kuti amenewanso anayambitsa ndi iyeyo.

Nkhanga anatenga ana ake otsala n'kusamukira kuthengo la kuseri kwa phiri, kumene kulibe mapolo. Dokowe anatsala kuthamanda, ali wotchuka monga ankafunira. Mawu akewo sanafe msanga ngati ena aja, anakhala chilimwe chonse. Akaima kuti agwire chule, ana a mbalame ankatera pafupi n'kumamupempha mwaulemu kuti, "Agogo, tatinenereni kamodzi kokha, inu mwini wake." Iye ankangotembenukira kubango, osatsegula mlomo, ndipo anawo ankapita akudandaula kuti mkuluyu kutchuka kwamulowa m'mutu.

Phunziro

Mawu ambiri amene timaseketsana nawo anatuluka m'kamwa mwa munthu amene sankaseka. Usanawapatsire mnzako, yamba wafunsa kumene achokera ndiponso ngati mwini wake wathandizidwa. Ndipo wina akakugwira mwendo, pita kaye ukamuthandize, pakuti okuombera m'manja amatopa dzuwa lisanalowe.